Kusankha kiyibodi ya mechanical yoyamba mukukhala ku Mulanje kapena ku Thyolo

Ntchito yanga ndi kutaipa. M'kashopu kanga pa Chitakale mumadutsa makalata ofunsira ntchito, mayeso a sukulu zoyima pazokha, mapologalamu a ukwati ndi a maliro, ndi malipoti a magulu a banki m'khonde omwe amafuna manambala awo aoneke bwino chaka chikamatha. Zala zanga zimakhala pa kiyibodi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndiye anthu akamva kulira kwa imene ndimagwiritsa ntchito amafunsa kuti nawonso agule yotani. Ofunsa ambiri ndi ophunzira a ku MUST ku Ndata akabwera patchuthi, aphunzitsi, ndi makalaliki a m'maesiteti a tiyi.

Yankho langa limatalika, chifukwa malangizo ambiri a pa YouTube ndi a munthu amene kiyibodi ikamuvuta amaibweza kusitolo mawa lake. Kuno mwayi umenewo tilibe. Kiyibodi ikafika pa Chitakale kapena pa Luchenza, yafika basi, ndipo ikadwala sing'anga wake ndinu nokha. Funso loyamba kwa ife likhale ili: batani limodzi likafa, ndingalikonze ndekha, kapena kiyibodi yonse yathera pomwepo?

Kiyibodi wamba ili ndi kamkeka kamodzi ka labala koyalidwa pansi pa mabatani onse. Ya mechanical, batani lililonse lili ndi swichi yakeyake, kabokosi kokhala ndi sipuling'i ndi tizitsulo tiwiri timene timakhudzana mukadina. Kampani ya Cherry ya ku Germany inayamba kupanga maswichi ake otchedwa MX m'zaka za m'ma 1980, ndipo umwini wa kapangidwe kake utatha mphamvu, makampani a ku China monga Gateron, Kailh ndi Outemu anayamba kupanga ofanana nawo. Apa ndi pomwe mitengo inatsikira mpaka kufika poti ife n'kuiganizira. Pa katoni mudzaona atalemba kuti swichi imapirira kudinidwa ka 50 miliyoni. Nambala imeneyo amaiyesa m'chipinda chopanda fumbi, chopanda chinyontho, chopanda nyerere, ndiye musaiwerengere kwambiri.

ZOYENERA KUYEZA MUSANATULUTSE NDALAMA

Choyamba ndi mtundu wa swichi. Ilipo mitundu itatu ikuluikulu, ndipo amaisiyanitsa ndi utoto wa kamtengo kapakati. Yofiira imatsika myaa, popanda chopinga chilichonse. Ya Cherry imafuna kulemera kwa magalamu pafupifupi 45, chilembo chimatuluka batani litatsika mamilimita 2, ndipo limathera pa mamilimita 4. Yabulauni ili ndi kachitumbi kakang'ono pakati pa ulendo, komwe chala chimamva kuti chilembo chalowa. Yabuluu ili ndi kachitumbi komweko koma imaliranso kuti thi, thi, mokweza. Yabuluu ndi imene imakopa anthu tsiku loyamba, ndipo ndi imene imayambanitsa anthu sabata yachiwiri. Ganizirani nyumba yanu musanaganizire makutu anu. Ngati mukukhala m'nyumba ya lendi yopanda siling'i, yomwe khoma lake silifika kudenga, yabuluu idzamveka mpaka kwa aneba usiku. Ku hositelo ndiye musayese n'komwe. Kwa munthu wolemba, wogula koyamba, ine ndimati yabulauni. Yofiira ndi yabwino kwa osewera magemu, koma wozolowera kiyibodi ya laputopu amalakwitsa nayo kwambiri masiku oyamba, popeza kungokhudza pang'ono chilembo chatuluka kale.

Chachiwiri ndi kukula kwake. Yathunthu ili ndi mabatani 104 kapena 105, pamodzi ndi chigawo cha manambala chakumanja. Yotchedwa TKL yachotsa chigawo chimenecho n'kutsala ndi 87 kapena 88. Ya 75% ili ndi mabatani 82 mpaka 84 ophathikana, koma mivi ndi mzere wa F1 mpaka F12 zilipo. Ya 60% ili ndi 61 okha, ilibe mivi yakeyake ngakhale mzere wa F. Zonsezo mumazipeza pogwira batani la Fn. Amene amalowetsa makilogalamu a tiyi wothyoledwa kapena malikisi a ana mu Excel tsiku lonse asanyengedwe ndi kukongola kwa zing'onozing'ono. Manambala akumanja aja ndi khasu lake.

Chachitatu anthu sachiganizira, koma kwa wolemba Chichewa n'chachikulu: kayalidwe ka mabatani. Pali ka ku America, ANSI, komwe Enter ndi wopingasa, ndi ka ku Ulaya, ISO, komwe Enter ndi wamtali wopindika. Malaputopu akaunjika ochokera ku UK ndi a ISO, pomwe makiyibodi ambiri a mechanical otsika mtengo ndi a ANSI. Mukalumikiza ya ANSI pa kompyuta yotcheredwa ku UK, mudzadina @ n'kutuluka zizindikiro zogwira mawu, n'kuyamba kuganiza kuti akugulitsani yowonongeka. Siinawonongeke, sinthani chinenero cha kiyibodi mu Windows kupita ku US. Kachizindikiro kodula mawu, komwe timakafuna mu "m'mudzi", "ng'ombe" ndi "n'chifukwa", kali malo amodzi pa onse awiri, kumanja kwa semikoloni, ndipo ine ndimakayesa koyamba pa kiyibodi iliyonse chifukwa kamadinidwa mzere uliwonse. Nanga chilembo cha ŵ, kwa amene amalembabe Malaŵi? Mu Word, lembani U+0175 kenako mudine Alt ndi X pamodzi, chituluka ngakhale pa kiyibodi yopanda manambala akumanja. Kapena, ngati yanu ndi ya ISO, sankhani kayalidwe ka United Kingdom Extended mu Windows, komwe AltGr (Alt wakumanja) ndi 6 kenako w zimapereka ŵ.

Chachinayi, ndipo kwa ine ndicho mutu wa nkhani, ndi chomwe amati hot-swap. Pa makiyibodi ena maswichi anawotchereredwa ku bolodi, ndipo kuti muchotse imodzi pamafunika wokonza mafoni kapena mawailesi amene ali ndi dzanja labwino. Pa a hot-swap swichi imangozulidwa ndi kachitsulo ngati kopanira, n'kulowetsapo ina, mphindi imodzi osakwana. Funsaninso ngati mabowo ake amalandira maswichi a miyendo 3 ndi 5 yomwe, chifukwa ena amalandira a kampani imodzi yokha.

Chachisanu ndi chingwe. Chochotseka cha USB-C chikaduka mumagula china pamsika uliwonse, malinga chikhale chodutsa data, osati chongotchajira foni. Chomangiriridwa mkati chikadyedwa ndi khoswe, muyambe kufunafuna wokonza.

Zipewa za mabatani, zomwe ogulitsa amazitcha keycaps, ndizitchule mwachidule. Za pulasitiki ya ABS zimasalala n'kuyamba kunyezimira pakapita miyezi. Za PBT zimachedwa kutero. Zilembo zoumbidwira mkati, zomwe amati double-shot, sizifufutika. Izi zisakulepheretseni kugula, chifukwa zipewa zimasinthidwa.

Chenjezo limodzi ndisanalowe m'magulu. Kiyibodi yanga yoyamba ndinaigula kwa wogulitsa wina ku Limbe. Katoni yake inali ndi chithunzi cha magetsi a utawaleza ndi mawu akuti mechanical feel. Nditafika kunyumba ndinazula chipewa cha batani limodzi ndi chala, ndipo pansi pake panali labala yemweyo wa masiku onse, wotuwa, wofewa ngati wa botolo la mwana. Ndalama ya minibasi yobwerera nayo inali yosiyana pang'ono ndi mtengo wake. Yeniyeni mukazula chipewa mumaona kamtanda kooneka ngati chizindikiro cha kuphatikiza, kofiira, kabulauni kapena kabuluu, katakhala pa kabokosi kakekake. Wogulitsa akakana kuti muzule, tsanzikani.

Mitengo ndiitchula m'madola monga imaonekera m'masitolo akunja. Kwacha inagwa ndi 25% mu May 2022 ndi 44% mu November 2023, ndipo mtengo wa kwacha wolembedwa lero sukhalitsa. Pamwamba pa dola ija muwonjezerepo mtengo wotumizira, msonkho wa ku MRA, ndi phindu la amene wakubweretserani.

NJIRA YOYAMBA: YA CHINGWE YOTSIKA MTENGO, YA OSEWERA MAGEMU

Chitsanzo chodziwika ndi Redragon K552, ya mabatani 87, yokhala ndi chitsulo pansi pa maswichi ndipo yolemera pafupifupi kilogalamu. Nthawi zambiri imabwera ndi maswichi a Outemu.

Mtengo. Kunja imagulidwa pakati pa madola 30 ndi 45. Ndiyo khomo lotsikitsitsa lolowera ku mechanical yeniyeni yatsopano.

Kapezekedwe. Pa magulu onse, ili ndi lomwe mungalipeze m'dziko momwe muno, m'masitolo a makompyuta ku Blantyre ndi kwa ogulitsa a pa Facebook ndi WhatsApp. Ubwino wake ndi woti mungakwere minibasi ya ku Limbe, kudzera ku Thyolo ndi Bvumbwe kapena pa msewu wa Midima, n'kukaigwira ndi manja musanalipire. Vuto n'lakuti amene amaitanitsa amakonda kubweretsa zabuluu, chifukwa kulira kwake kumagulitsa. Yabulauni mungafunike kuidikira.

Kasamalidwe. Maswichi ake ali poyera pamwamba pa chitsulo, choncho kusesa fumbi ndi kaburashi ka penti n'kosavuta. Zambiri zimabwera ndi kozulira ndi maswichi angapo apadera m'katoni. Muwasunge ngati mbewu. Chingwe chake sichichotseka, ndiye musachikulunge mothina kuzungulira kiyibodi poinyamula.

Chiopsezo. Mabowo a zambiri za gulu ili ndi opapatiza, opangidwira miyendo yopyapyala ya Outemu, moti swichi ya Gateron kapena Cherry siilowa popanda kukakamiza, ndipo kukakamiza kumawononga bowo. Maswichi otsika mtengo amayambanso msanga matenda obwereza chilembo: mwadina kamodzi, zatuluka ziwiri. Phokoso lake ndi lalikulu ngakhale ndi swichi yofiira, chifukwa chitsulo chija chimalira.

NJIRA YACHIWIRI: YAING'ONO YOPANDA CHINGWE

Apa ndikunena za makiyibodi ngati Royal Kludge RK61, ya mabatani 61, ndi mkulu wake RK84, ya 75%. Zimalumikizika ndi Bluetooth komanso ndi chingwe cha USB-C, ndipo zatsopano zimabweranso ndi kachipangizo kakang'ono kolowetsa pa USB ya kompyuta, ka 2.4 GHz.

Mtengo. Madola 40 mpaka 70, malinga ndi kukula ndi mtundu wa swichi.

Kapezekedwe. Muno zimaoneka apo ndi apo. Ambiri amaitanitsa pa AliExpress kapena Amazon, kapena kutuma wachibale wobwera pa basi kuchokera ku Johannesburg. Muwerengere masabata, osati masiku, ndipo muwerengerenso vuto la ndalama zakunja, lomwe limachititsa kuti kulipira ndi khadi pa intaneti kukhale ndi malire. Popeza mkati muli batire la lithium, otumiza katundu pa ndege ena amakhala ndi malamulo akeake.

Kasamalidwe. Zatsopano zambiri ndi za hot-swap yolandira miyendo 3 ndi 5, zomwe ndi zabwino kwambiri pa mtengo umenewu. Koma tsimikizani pa mtundu weniweniwo womwe mukugula, chifukwa zakale sizinali choncho. Batire limafuna kutchajidwa, ndipo magetsi okongoletsa amalimaliza msanga. Muwazimitse.

Chiopsezo. Batire ndi chiwalo chomwe chimakalamba msanga kuposa china chilichonse. Likayamba kutupa, kiyibodi imagwedera patebulo ngati mpando wa mwendo waufupi, ndipo pamenepo lichotsedwe, musaitchajenso. Chiopsezo china ndi chizolowezi. Wokonza chikalata chachitali amayenda ndi mivi, Home, End ndi Delete mphindi iliyonse, ndipo pa ya 60% zonsezi zimafuna zala ziwiri. Ndaona wophunzira wina akugulitsa yake patatha mwezi chifukwa cha chimenechi. Ngati mtima wanu uli pa gulu ili, wonjezerani ndalama mutenge ya 75%.

Gulu ili lili ndi mphatso imodzi yomwe makiyibodi a chingwe chokha alibe. Magetsi akazima ndipo laputopu yatha moto, mumailumikiza ku foni ndi Bluetooth n'kupitiriza kulemba. Kwa amene alibe kompyuta n'komwe, foni yotsamiritsidwa ku kapu ndi kiyibodi yotere ndi ofesi yokwanira kulembera asainimenti.

NJIRA YACHITATU: YA MTENGO WAPAKATI, YOKONZEKA MOSAVUTA

Ndidzakhalitsa pano chifukwa ndi gulu lomwe ine ndinakhazikikapo. Zitsanzo zodziwika ndi za Keychron. C1 ndi TKL ya chingwe, C2 ndi yathunthu. M'gulu la V, V1 ndi ya 75%, V3 ndi TKL, V6 ndi yathunthu; zonsezi ndi za chingwe chochotseka, za hot-swap, zokhala ndi zipewa za PBT. K2 ndi ya mabatani 84, ya Bluetooth, yokhala ndi batire la 4000 mAh. Makampani ena monga Akko ali ndi zofanana nazo.

Mtengo. Kuyambira madola pafupifupi 50 pa za C mpaka 100 pa za V ndi K. Zikafika muno ndi msonkho ndi mtengo wotumizira, zimaluma ndithu, ndipo sindingakubisireni. Za thupi la aluminiyamu, monga gulu la Q, zimadutsa madola 150 ndipo zimalemera kwambiri; kwa wogula koyamba wa kuno ndalama yowonjezerayo ikugula kamvekedwe ndi kulemera, osati zilembo zabwino kuposa.

Kapezekedwe. Kawirikawiri muyenera kuitanitsa. Njira yomwe ndaona ikuyenda bwino ndi yogula ku South Africa kudzera mwa munthu amene mumamudziwa, chifukwa iye angaitsegule n'kuiyesa asanaikweze basi. Poitanitsa onetsetsani zinthu zitatu pa dzina la katunduyo: kuti palembedwa hot-swappable, popeza za C ndi K zina zili ndi mitundu iwiri, yowotcherera ndi yozula; kuti ndi ANSI kapena ISO; ndi utoto wa swichi. M'phukusi lomwelo muikemo maswichi apadera 10. Ndi opepuka, ndi otchipa, ndipo kuwaitanitsa paokha pambuyo pake kudzakudyerani ndalama yotumizira yoposa mtengo wawo.

Kasamalidwe. Apa ndi pomwe ndalama yanu imabwerera. Chaka china m'nyengo ya chiperoni, masiku aja phiri limabisala sabata yathunthu ndipo zovala siziuma pachingwe, kiyibodi yanga inayamba kubwereza chilembo a. Tangoganizani Chichewa chopanda a wodalirika. Ndinali pakati pa pologalamu ya maliro, mwana wa malemu ataima pambali panga, galimoto ikumudikira panja, ndipo "amayi" ankatuluka "aamaayi". Ndinazula chipewa, n'kupana swichi m'mwamba ndi m'munsi ndi kachitsulo kake, inatuluka ndi kaphokoso kakang'ono. Pakamwa pa kabokosiko panali kafumbi konyowa, kakuda, komatirira ngati mwaye. Ndinalibe yapadera nthawi imeneyo, ndiye ndinazula ya Scroll Lock, batani lomwe sindinalidinepo chigulireni, n'kuiika pa a, nditayang'ana kaye kuti timiyendo take tawongoka. Bambo uja ananyamula mapepala ake mphindi khumi zisanathe. Ikanakhala yowotcherera, tsiku limenelo ndikanatseka shopu.

Za gulu la V zimalolanso kusintha ntchito ya batani lililonse ndi pologalamu yotchedwa VIA, ndipo zosinthazo zimasungidwa m'kiyibodi momwemo, osati m'kompyuta. Batani lomwe simuligwiritsa ntchito mungalisandutse lokopera, lomata, kapena lolemba mawu omwe mumabwereza tsiku lililonse.

Chiopsezo. Chitsimikizo cha kampani chilipo papepala, koma kutumiza kiyibodi kunja kuti akakonze sikungapindule, ndiye bolodi ikafa ndalama yapita. Hot-swap nayonso ili ndi msampha wake: mukalowetsa swichi ya mwendo wopindika n'kukankha mwamphamvu, mungathothole bowo kuseri kwa bolodi. Lowetsani modekha, ndipo ikakana musailimbane nayo, itulutseni muione. Makiyibodi ambiri a mechanical ndi aatali kutsogolo kuposa laputopu, moti mikono imatopa masiku oyamba. Kathabwa kosalala kotsamirapo manja, komwe kalipentala aliyense wa pa Chitakale angakupalireni, kamathetsa vutolo. Ndipo chinthu chokongola chotere chimakopa maso. Pa hositelo kapena pa shopu, chisungidwe pokhoma.

NJIRA YACHINAYI: YOGWIRAPO KALE NTCHITO

Izi ndi za ophunzira omaliza maphunziro, za osewera magemu ofuna zatsopano, ndi zomwe zimapezeka mwamwayi m'milu ya zipangizo za makompyuta zakaunjika.

Mtengo. Zimatengera kunenerera kwanu. Yabwino ya Logitech, Corsair kapena Razer ingapezeke pa mtengo wa yatsopano ya gulu loyamba.

Kapezekedwe. Ndi mwayi, simungaukonzekere. Mu milu yakaunjika zambiri ndi za labala za m'maofesi. Mukakumana ndi yolemera modabwitsa yolembedwa IBM, itembenuzeni muone ngati ndi Model M, yomwe inayamba kupangidwa m'chaka cha 1985. Ili ndi masipuling'i opindika m'malo mwa maswichi a MX, ndipo zambiri zikugwirabe ntchito mpaka lero. Imafuna adaputala ya PS/2 kupita ku USB yokhala ndi kachipangizo mkati, osati yongosintha kamwa, ndipo imalira kuposa yabuluu.

Kasamalidwe. Yambani ndi kuichapa. Jambulani chithunzi cha mabatani, zulani zipewa zonse, ziviikeni m'madzi ofunda a sopo, ndipo ziume pamthunzi mpaka mkati mwa kamtanda musakhale dontho. M'nyengo yozizira kuno zimenezi ndi masiku awiri kapena atatu.

Chiopsezo. Ndicho chachikulu pa magulu onse. Zambiri za makampani otchukawa ndi zowotcherera, ndipo zina zili ndi mzere wapansi wa miyeso yachilendo, moti chipewa cha space chikasweka china n'chovuta kupeza. Simudziwanso chomwe chinatayikirapo. Musatumize Airtel Money kapena Mpamba chifukwa cha chithunzi. Pitani ndi laputopu, tsegulani Notepad, dinani batani lililonse kakhumi mofulumira, muone ngati pali lobwereza kapena lodumpha. Inunkhizeni. Igwedezeni mozondotsa pa pepala loyera. Tizidutswa takuda tambiri ndi umboni woti mphemvu zinamangamo mudzi, ndipo ndowe zake zimadya bolodi.

NJIRA YACHISANU: KUDIKIRA NDI YA LABALA

Iyinso ndi njira, ndipo siyochititsa manyazi.

Mtengo. Logitech K120 ndi zinzake za Dell kapena HP sizidutsa madola 20 zatsopano, ndipo zakaunjika ndi zotchipa kuposa pamenepo.

Kapezekedwe. Paliponse pogulitsa za makompyuta.

Kasamalidwe. Kupukuta basi. K120 inapangidwa kuti ipirire madzi otayikira pang'ono, zomwe makiyibodi ambiri a mechanical sapirira.

Chiopsezo. Ikakalamba mabatani amalimba ndipo zala zimatopa, makamaka kwa wotaipa maola ambiri. Batani likafa palibe chokonza.

ZA NYENGO YATHU, PA ILIYONSE YOMWE MWASANKHA

Adani a kiyibodi kuno ndi chinyontho cha chiperoni ndi dzinja, fumbi la October, ndi tiyi wa shuga. Mukamaliza ntchito ifundeni ndi kansalu. Timapaketi touma tomwe timabwera m'makatoni a nsapato musatitaye, tiikeni m'thumba momwe mumasungira kiyibodi. Tiyi akatayikira, zulani chingwe nthawi yomweyo, zimitsani Bluetooth ngati ilipo, itembenuzeni, ndipo musaiyatse kuti "ndingoyesa" mpaka itaumiratu. Shuga wotsalira amamata swichi n'kuitana nyerere. Swichi yobwereza chilembo nthawi zina imachira ndi dontho la isopropyl alcohol n'kuidina kambirimbiri ili yosalumikiza. Sipiriti wofiirira wa m'magolosale musamuthire, ali ndi utoto ndi zina zotsalira. Mvula ya ziphaliwali ikayamba kugunda kuchokera kuphiri, zulani kompyuta kukhoma. Kiyibodi ya chingwe imapsa limodzi ndi kompyutayo. Magetsi okongoletsa amakoka moto ku laputopu, ndiye pa tsiku lomwe mukudalira batire kapena sola, akhale ozima.

NDANI ATENGE ITI

Ngati mumalowetsa manambala tsiku lonse, kaya ndinu kalaliki wa ku esiteti, msungichuma wa mpingo kapena mphunzitsi wosonkhanitsa malikisi, tengani yathunthu ya chingwe ya gulu lachitatu, ngati C2 ya hot-swap kapena V6, ya swichi yabulauni. Ndalama ikapanda kukwana, khalani ndi K120 mpaka ikwane. TKL yotchipa idzakuchedwetsani ntchito.

Ngati mumadyera kutaipa ngati ine, ndipo tsiku lopanda kiyibodi ndi tsiku lopanda ndiwo, gulu lachitatu lomwelo, TKL kapena yathunthu, maswichi apadera 10, ndi ya labala imodzi yosungira m'kabati.

Wophunzira wogona ndi anzake m'chipinda chimodzi, woyenda ndi chikwama pakati pa Ndata ndi kumudzi, atenge ya 75% ya gulu lachiwiri, yabulauni kapena yofiira. Amene amalembera pa foni yekha, kapena amakhala komwe magetsi ndi a sola, gulu lomweli ndi lake, ndipo kwa iye ngakhale ya 60% ingathandize ngati zolemba zake si za Excel.

Wosewera magemu wa thumba lopepuka, wokhala m'chipinda chakechake, K552 kapena inzake ya swichi yofiira imukwanira, bola akaiyese yekha ku Blantyre ndipo aone kuti maswichi apadera ali m'katoni.

Yogwirapo kale ntchito ndi ya amene ali ndi mnzake wodziwa kuwotcherera mabolodi, ndipo wogulitsayo ali pamtunda woti mungakumane naye maso ndi maso, pa Thyolo boma, pa Luchenza kapena ku Limbe, laputopu ili m'manja.

Amene amalemba kalata imodzi pa sabata ndi mauthenga ochepa, ndalamayo aigulire mbewa yabwino ya kompyuta kapena chotetezera zipangizo ku magetsi obwera mwamphamvu, ndipo apitirize ndi kiyibodi yomwe ali nayo.